Ndege ya ku Joni

Adzukulu anali atabwerako kale kumanda, fumbi lili mbuu m'miyendo, koma Esitele anakana kuti bokosi likhomedwe. Apongozi ake anamwalira dzulo lake. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Benedicto, yemwe ndi mwamuna wa Esiteleyo, foni yake inapezeka m'mawa womwewo. Anayankha akulira, nati akwera ndege yoyamba kuchoka ku Joni, kumene anapita kukagwira ntchito zaka zapitazo.

Mtima wa Esitele unali m'mwamba. Ankalowa m'nyumba ya maliro, kutuluka, kukaima pamsewu wa ku Guilleme, kenako kubwereranso. Kukamveka kulira kulikonse kumwamba ankakweza maso, ngati kuti ndege ingatere m'munda wa mtedza.

A Amadi a pagolosale, amene anabwera kudzapepesa, anamuonera pafoni pawo. Kuchoka ku Joni kufika ku Lilongwe ndege imauluka maola awiri ndi kanthu. Kuwonjeza msewu wa Mchinji, munthu sangafike dzuwa lisanapendeke.

"Mayi, kwatentha uku," anatero mkulu wa adzukulu. "Thupi silidikira ndege. Likafika pamutu dzuwali, tikhoma."

Esitele anagwada pamaso pa anthu onse. Iye ndiye anadwazika apongozi akewo, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, ndipo ankadziwa kuti dzina lomaliza kutuluka pakamwa pawo linali la mwana wawoyo. Angauze chiyani mwamuna wake atapeza mulu wa dothi, nkhope ya mayi ake osaiona? Munthu wovutikira banja kudziko la eni! Anamuimbiranso kumuuza kuti adzukulu aika malire.

Dzuwa linakwera mopanda chisoni. Kwaya inamaliza nyimbo zake n'kuyambiranso zakale zomwe. Mkulu wa adzukulu anayamba kusisita nyundo pantchafu, osayang'ananso kumene kunali Esitele.

Mwadzidzidzi njinga yamoto ya kabaza inatulukira pangodya, nkhuku zikubalalika. Benedicto anadumpha isanaime n'komwe, nathamangira m'nyumba, ndipo kulira kunabuka mwatsopano. Wawaona mayi ake! Esitele anatunga madzi m'kapu, napita nawo kwa wakabaza uja, amene ankapukuta thukuta pansi pa mtengo wa mango.

"Ambuye akudalitseni, achimwene," anatero akupereka kapuyo ndi manja awiri. "Koma kuchoka ku bwalo la ndege mpaka kuno, mwachita kuuluka nanunso?"

Munthuyo anagugudiza madziwo, namuyang'ana modabwa, nayankha m'kalankhulidwe ka kutsidya kwa malire.

"Ndege iti, mayi? Tachokera pa Chipata pompa, kunyumba kwawo. Ba Benedicto ndi baneba banga ba kudala, zaka zambiri. Nibwerere msanga, nikatenge bakazi bawo na bana."