Makalata Atatu pa Seva Yatsopano

Makalata atatuwo ndinawapeza pamene mayi a ku sitolo ya kampani yathu ankalongedza kapu ndi juzi yawo m'katoni. Anali atachotsedwa ntchito m'mawa womwewo.

Mwezi watha ndinagawa imelo ya kampani pawiri. Mabwana ndinawasamutsira pa seva yatsopano, kompyuta yosunga makalata, ena tonse tinatsala pa yakale. Ndinaiwala kuuza yatsopanoyo kuti kalata yopita kwa munthu amene sali pa iyo iziitumiza ku yakale. Inkangosunga makalata oterowo.

Makalata onse atatu anali ochokera kwa bwana wamkulu kupita kwa mayi aja, pa nkhani ya katundu amene anasowa. "Bwerani mudzafotokoze mbali yanu." Yomaliza inati, "Kukhala chete kwanu kwatiyankha."

Ndinathamangira kusitolo, laputopu ili m'manja.

"Mayi, makalatawa sanakufikeni. Wolakwa ndine. Tiyeni kwa bwana pompano."

Anayang'ana pa sikirini nthawi yaitali, kenako anapindanso juzi ija.

"Mwanangu, ofesi yawo ili pamwamba pomwepa, masitepe khumi okha. Ndawagwirira ntchito zaka makumi awiri. Akanatsika."

Anandipatsa makiyi.

"Loko wa kumbuyo amalimba. Uzimuthira mafuta."