Sipika ya Kumanzere

Mdima utangogwa, Hopewell anachoka ku Matawale kupita ku Mulunguzi kwa a Japhet, amene ankagulitsa masipika a mu situdiyo. Pokhala wojambula nyimbo, anatenga nyimbo imene ankaidziwa bwino kuti ayesere. Inali ya kwaya ya kutchalitchi kwawo, imene anaijambula yekha mkazi wake Dyna ataikidwa kale m'manda.

Masipika oyamba anali ndi besi yambiri.

"Awa ndi onama," anatero Hopewell. "Ngakhale wophonya amamveka ngati katswiri."

A Japhet anatulutsa ena aang'ono, otuwa ndi fumbi. "Awa sabisa kanthu, achimwene."

Nyimbo inayamba. Hopewell anamva benchi ikulira, wina akumeza malovu. Kenako kumanzere, kumene amaima amayi, kunamveka mawu amene anali asanawamvepo m'nyimboyi, opyapyala, ochedwa pang'ono kulowa, monga ankachitira Dyna masiku onse.

Hopewell anagwira tebulo. Nyumba yake inali itakhala zii kwa nthawi yaitali, ndipo mawuwo anali atayamba kumuthawa m'mutu.

"Zikomo," ananong'ona, misozi ili mbwe. "Nditenga omwewa."

"Mayi akumanzerewo amaimba bwino," anatero a Japhet, akuwerama kuti azule mawaya. Anakhalitsa kuseri kwa masipikawo. Podzuka anali atagwira waya umodzi.

"Achimwene, sipika ya kumanzereyi sindinailumikize."

Nyimbo inatha. Kumanzere kuja munthu anakoka mpweya, ngati akufuna kuyamba ndime ina.