Juno, Peza Mpando

"Agalu salowa muno, mayi," anatero mwini lesitilanti atatsekereza pakhomo. "Pokhapokha mundionetse mapepala ake."

Lorraine anagwiritsa chogwirira cha pamsana pa Juno, galu amene ankamutsogolera kuyambira pamene iye anasiya kuona. Chipale chofewa chinkamusungunukira m'khosi.

"Lamulo silifuna mapepala, bambo. Mukuti maso anga ndiwasiye panja?"

"Ndiitana apolisi."

"Aitaneni, adzakuwerengereni lamulolo." Kenako anatsitsa mawu. "Juno, peza mpando."

Galuyo anawalambalala bambowo n'kukaima patebulo la pawindo. Anthu onse analeka kudya. Lorraine anapapasa mpando n'kukhala, Juno n'kudzipinda kumapazi ake.

"Khofi wopanda mkaka," anatero Lorraine akuvula magolovesi. "Mnzangayu musavutike naye, ali pantchito. Inunso yambani yanu."