Mpando wa Pazenera Losweka

"Nyamula makina akowo, ukakhale pazenera loswekalo!" anakalipa Mayi Mwanahalima, eni shopu yosoka zovala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu. "Paja umati muno mulibe mpweya? Kaupume mpaka ukhute."

Mabel ananyamula makina ake n'kupita pazenerapo. Mlandu wake unali wotsegula mazenera poona kuti telala mnzake, Foster, akutsokomola tsiku lonse.

"Yewo chomene, abwana!" anakuwa matelala enawo pothokoza m'Chitumbuka. "Amafuna kutipha ndi mphepo ameneyu."

Mazenera otsalawo abwana anawakhoma ndi misomali. Juni yense chisanu cha Mzuzu chinaluma Mabel yekha, zala kuchita kuuma, anzake atawunjikana pakona kuothera mbaula, ngakhale tiyi osamugawira.

Patapita miyezi, Foster anagonekedwa m'chipatala ndi chifuwa chachikulu, ndipo azaumoyo anabwera kudzayeza onse. Matendawo anapezeka mwa aliyense, kupatula Mabel. Azaumoyowo anati mphepo yolowera pazenera losweka lija ndiyo inamuteteza.

M'mawa mwake Mayi Mwanahalima anafika pazenera paja akutsokomolera mumpango.

"Mwanangu, tasendera pang'ono ndikhale nawo."

Mabel anapitiriza kupalasa makina, osadzutsa n'komwe mutu.

"Pepani abwana, pano m'pachilango. Inu mwalakwanji?"