Basi ya Otopa

Basi yotola othamanga otopa inaima pambali pa telala wina pa kilomita ya 34, chitseko n'kutseguka.

Telalayo ndiye anali wotsiriza pampikisano wonse wa mumzindawo. Miyendo inali ngati yobwereka, ndipo malaya olembedwa dzina la chipatala cha ana chimene ankachithamangira anali atamata pamimba ndi thukuta.

"Kwerani bambo, mwayesetsa," anatero dalaivala.

Telala anaponda sitepe yoyamba. Pampando wakutsogolo panali mlamu wake, yemwe kwa miyezi inayi ankamudzutsa mbandakucha ndi wenzulo n'kumamukalipira kuti mwamuna satopa. Anali atavula nsapato, akusenda nthochi.

"Alamu! Mwakwera nthawi yanji?"

"Pa kilomita ya 9," anayankha mlamuyo akutafuna. "Bondo, alamu, bondo. Bwerani, mpando ndakusungirani."

Telala anamuyang'ana, nabweza phazi lake pamsewu.

"Bambo, lamulo silindilola kupitirira munthu wotsiriza," anadandaula dalaivala. "Mukapanda kukwera, tonsefe tiyenda liwiro lanu."

"Ndiye muzinditsata bwino."

Anayambanso kukwekwereza miyendo, chibasi chili pambuyo pake pang'onopang'ono ngati chikuperekeza maliro. Anthu m'mbali mwa msewu anayamba kumuwombera m'manja. Patatha ola, chipata chomalizira chikuonekera patali, mlamu uja anatulutsa mutu pawindo, nkhope itachita tsinya.

"Alamu, chonde thamangani! Mimba yandipotokola, ndikufuna kuchimbudzi!"

Telala anaima, nawerama, nayamba kumanga chingwe cha nsapato mwachifatse.