A Sikelo Ayeza Wometa

A Sikelo analowa mometera muja atavula taye, Baibulo atalisiya dala m'galimoto. Dzinali anawapatsa ndi achinyamata a kutchalitchi, chifukwa mkulu wa mpingo ameneyu ankayeza chikhristu cha munthu aliyense, ndipo kawirikawiri chinkapezeka chopepuka. Tsikuli anabwera kudzayeza mnyamata wometa, amene mwana wawo wamkazi sankamuchotsa pakamwa.

"Ndi woopa Mulungu, bambo," mtsikanayo anali atawauza.

"Onse amaopa Mulungu akafuna mkazi," iwo anayankha. Mwayi wawo unali woti mnyamatayo anali asanawaonepo nkhope.

Kachipindako kanali kaukhondo. Munali kalilole wamkulu wong'aluka pakona, mpando umodzi wozungulira, katebulo ka zipeso ndi benchi. Pabenchipo panali mayi wachikulire, nsapato zili fumbi lokhalokha, chikwama chachikulu chili pansi, akuwodzera. A Sikelo anangomuona kamodzi n'kudziwa kuti ndi mmodzi wa aja ogulitsa tinthu mumsewu, wabwera kudzathawa dzuwa. Anakankha chikwamacho ndi phazi kuti adutse.

"Sendezani katundu wanuyu, mayi. Muno ndi mometera, si podikirira basi."

Mayiyo anakoka chikwama chake.

A Sikelo anadzigwetsa pampando, n'kuyamba ntchito yomwe anadzera.

"Iwe, kumeta umatha, kapena unaphunzirira pa nkhosa?"

Mnyamatayo anaseka, akuwamanga nsalu m'khosi. "Muweruza nokha tikamaliza, bambo."

Makina atafika pafupi ndi khutu, a Sikelo anagwedeza mutu dala. Kanjira koyera kanatseguka m'tsitsi mpaka kunkhongo. Anakalipa mpaka malovu kugwera pakalilole. Onse awiri anaona bwino amene anagwedezeka, koma mnyamatayo anapepesa, n'kuyamba kusalaza modekha. Khutu la a Sikelo linali m'manja mwake, ndipo linatsala lathunthu. Mumtima a Sikelo anati, mkwiyo ayi, alibe.

Anayesa msampha wina. "Abusa a masiku ano onse ndi akuba. Ndanama?"

"Amene ndimawadziwa ine si akuba, bambo. Enawo sindinakumane nawo."

Misechenso ayi. A Sikelo anayamba kumva kukoma, ngakhale nkhope anaisunga yokwinya.

Apo mayi uja anatsokomola, kenaka anatsokomolanso. "Bambo, pepani, mungandipatsireko kapu ya madziyo? Ili pachigongono panupo."

"Simukuona kuti manja ali m'nsalu?" anatero a Sikelo, foni ili m'dzanja lomwe linali panja. Izi sizinali m'ndondomeko ya mayeso. Iwo sankakonda kudulidwa pakati pa ntchito ya Ambuye.

Mnyamatayo anazimitsa makina, n'kutenga kapu ija, n'kuipereka ndi manja awiri atawerama pang'ono. A Sikelo anaona zonse pakalilole ndipo anakhutira. Amalemekeza ngakhale anthu wamba, anaganiza motero. Mwana ameneyu analeredwa.

Panatsala mayeso aakulu. Anatsitsa mawu, koma osati kwenikweni, poti khutu lawo limodzi linali logontha ndipo manong'onong'o awo ankamveka mpaka pakhomo.

"Tamvera, mphwanga. Mayi akunyumba akaimba pafoni iyi, uyankhe ndiwe. Uwauze kuti mzere ndi wautali, ndikhala muno mpaka madzulo. Pali kamtsikana kena kakundidikira kuseri kwa msika." Anatsinzina diso limodzi, zomwe anali asanachitepo chikwatirire, moti anatsinzina onse awiri.

Makina anasiya kulira.

"Tsitsi ndikumetani, bambo, ndipo ndimaliza bwino. Koma bodza limenelo sindinena."

"Ndiye sindidzabweranso. Ndikauzanso anzanga onse kuti muno mumadula makutu."

"Zikatero zitero." Kenaka mnyamatayo anawonjezera mofatsa. "Ndinu aakulu kwa ine, mundikhululukire. Koma mukachoka pano pitani kunyumba. Mayiwo sanakulakwireni."

Mtima wa a Sikelo unasungunuka. Zaka zonsezi akuyeza anthu, anali asanaonepo sikelo ikugwada chotere. Anayamba kuona kale tsiku laukwati, iwo ali kutsogolo, akufotokozera mpingo wonse mmene anagwirira mkamwini weniweni ndi nzeru zawo. Anadikira mpaka burashi itasesa m'khosi, kenaka anaimirira, n'kutulutsa taye m'thumba, n'kuimanga pang'onopang'ono ngati munthu amene akuvala udindo wake.

"Mwana wanga, wapambana. Ine ndine bambo ake a mtsikana amene ukufuna kumanga naye banja. Ndine mkulu wa mpingo. Zonse zija anali mayeso. Chipongwe, miseche, kamtsikana kaja, zonse. Mtengo umadziwika ndi zipatso zake, ndipo ine zipatso ndimaziona patali."

Anatambasula manja kuti amukumbatire. Mnyamatayo anangoti kakasi, burashi ili m'manja. Maso ake sanali pa a Sikelo. Anali pabenchi.

Mayi uja anali ataimirira, tulo titatheratu m'maso.

"Amayi," mnyamatayo anayamba ndi mawu aang'ono, "awa ndi…"

"Ndamva, mwana wanga. Ndimati ndikagona, mawa ndikaone ndekha ngati kwa apongozi akowo kulidi chikhristu, koma andichepetsera ulendo." Anawayang'ana a Sikelo kuyambira kunsapato mpaka kutaye. "Za mwana wangayu ndamvetsa, bambo, munkamuyeza. Nanga ineyo munkandiyeza chiyani?"