Mankhwala a Nachisale Amatera Pamsewu Wamasitolo

Ine Chadzunda ndayenda, abale. Ku Joni ndinagonako, ku Dubai ndinagulako nsapato, ndipo nyumba yanga yampanda ndinamanga ndi thukuta langa. Pabwalo ndinayala matailosi oti tindege tonyamula katundu tiziterapo. Lero timayanikapo mphale.

Lamulo la kuno ku Nsalamba likuti tindege tizitera pamsewu wamasitolo basi, ndipo katundu akatenge mwiniwake. Akuti masitolo akale adzuke. Ndinatuma wantchito kukatenga mankhwala, anabwera chimanjamanja. Ndinapita ndekha nditatchena suti, anandibwezanso, chifukwa mankhwalawo anali a mkazi wanga Nachisale.

Nachisale chidwalire sitiroko anali asanatulukepo kunja kwa mpanda. Alendo ankawakana, chakudya ankangotolatola. Mankhwala atatha ndinachita kumugwadira, mpaka analola kukwera njinga ya olumala.

Pamsewupo tinapeza makhonde atadzaza anthu. Mayi Nangondo, telala, anaimitsa makina.

"Ee, Nachisale! Ife timati abambowa anakusiyani ku Dubai!"

"Akanandisiya ndikanapumako," anayankha Nachisale. "Nkhani zawo za maulendo zinandigonthetsa m'kutu."

Khonde lonse linafa nacho chiseko, Nachisale nayenso anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinatembenuka n'kupukuta maso ndi tayi.

Tsopano masana timadya msanga kuti tikapeze malo pamthunzi, ngakhale tsiku loti kulibe katundu wathu. Amene anaganiza lamuloli, Mulungu amudalitse. Dzulo titalandira mankhwala, ndinagwira njinga kuti tizibwerera.

"Bambo a Tadala, tsogolani," anandiuza Nachisale ali pakhonde la Mayi Nangondo. "Mudzanditenge dzuwa likapendeka. Ndikuwasankhira mabatani anzangawa."